Kodi foni ingagawire inzake moto popanda chingwe? Mkangano wa pa Ndunde

Pali timavidiyo tina timene tafala m'mafoni a achinyamata miyezi yapitayi. Munthu amagoneka foni chafufumimba patebulo, n'kusanjika ina pamsana pake, ndipo posakhalitsa ya pamwambayo imalira pang'ono n'kuyamba kutchaja, popanda chingwe, soketi kapena sola. Timavidiyoti tayenda pa WhatsApp ndi pa TikTok mpaka tafika pa Ndunde, m'boma la Chiradzulu, ndipo kumeneko tadzutsa mkangano umene sunathebe. Kodi foni iliyonse yamakono ili nacho chipangizo chogawira inzake moto, koma opanga anangochitseka dala? Kapena mafoni ambiri alibiretu chipangizocho?

Kwa munthu wa m'tauni amene ali ndi soketi kumutu kwa bedi, funsoli ndi longochezera. Pa Ndunde si choncho. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno mabanja oposa theka anali ndi foni ya m'manja, pamene ounikira magetsi anali pafupifupi 11 pa mabanja 100 alionse, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'matauni. Mpata umenewu ndi umene umadyetsa ometa tsitsi, eni mavidiyo sho ndi eni timagolosale amene amatchajira anthu mafoni powalipiritsa. Amene akukumbuka chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino, komanso masiku owawa a namondwe Freddy mu Malichi 2023, akudziwa kuti foni ikatha moto munthu samva za wodwala wake, salandira ndalama imene mwana watumiza kuchokera ku Joni, ndipo sadziwa kuti nandolo akumugula bwanji ku Limbe.

Tsiku limene nkhaniyi inafika pachimake linali la msika, m'nyengo ya chiperoni. Kunali kutachita mitambo masiku angapo, mvula ya mawawa ikungowaza, kukuzizira kolowa m'mafupa, ndipo masola a padenga sanakoke moto wokwanira. Magetsi nawo anali atathawa m'mamawa. Pakhonde la wometa tsitsi wina mafoni anali atandandalikidwa pabenchi, iliyonse ili ndi kapepala ka dzina la mwini wake, ndipo eni akewo ankangobwerabwera kudzasuzumira n'kubwerera akupukusa mitu.

Pakati pa obwerawo panali mayi wina wogulitsa tomato, wa msinkhu wokhala ndi zidzukulu. Mwana wawo wamkazi anali kuchidikiro kuchipatala cha pa boma, masiku ake atakwana, ndipo foni ya mayiwa, ka itel ka tachi kamene anagula atagulitsa mbuzi, inazima m'bandakucha asanamve kanthu. Anaimangirira pansonga ya chitenje ndipo ankaimasula kawirikawiri n'kudina batani la pambali, ngati kuti mwina yasintha maganizo.

Apa n'kuti akufika mnyamata wa kabaza, mwana wa mlongo wawo, atavala jekete lokhuthala, chisoti cha njinga chili m'khwapa. Mnyamatayu amadziwika pa Ndunde chifukwa cha foni yake. Ndi Galaxy S10 ya kaunjika imene mkulu wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg pa basi, itakulungidwa m'masokosi pakati pa zovala. Galasi lake la kumbuyo linasweka pakona ndipo anamatapo selotepi, koma amaipukuta ndi malaya nthawi iliyonse akaitulutsa m'thumba, ndipo salola kuti mwana aigwire.

"Azakhali, bweretsani foniyo kuno. Yangayi imagawa moto," anatero.

"Iwe mwana, usandiseweretse lero. Msuweni wako ali kuchipatala," anayankha mayiwo, komabe akumasula mfundo ya chitenje.

Mnyamatayo anachotsa kava ya foni yake, n'kuseretsa chala pasikirini kuchokera pamwamba, n'kudina kachizindikiro kolembedwa kuti Wireless PowerShare. Anayala mpango wa azakhali akewo pabenchi kuti foni isakandike, anaigoneka chafufumimba, ndipo pamwamba pake anasanjikapo ka itel kaja, misana itagundana. Wogulitsa mandasi anasendera ndi beseni lake pamutu. Anyamata a pabawo anasiya njere zili m'manja. Ana asukulu amene ankathawa mvula pakhondepo anapanikizana mpaka wometa anachita kuwakalipira. Onse maso anali pa galasi lakuda la foni ya mayiwo.

Palibe chimene chinachitika. Mnyamatayo anaikweza m'mwamba pang'ono, anaitsitsa, anaitembenuza mutu kuloza kumiyendo, anapukuta misana yonse iwiri, anachotsanso kapepala ka nambala kamene mayiwo anamata kumbuyo. Galasi linangokhala bii. Ngakhale kunkazizira, thukuta linaoneka pamphuno pake, chifukwa anthu anali atayamba kung'ung'udza kuti za m'mavidiyo n'zabodza.

Amene anamupulumutsa ndi mphunzitsi wina wa pa pulayimale amene anaima kumbuyo ndi ambulera. Iye ali ndi iPhone 8, nayonso ya kaunjika, ndipo inali itatsala pang'ono kuzima. Anaipereka monyinyirika. Itangokhudza msana wa Galaxy ija, inalira kamodzi, sikirini inayaka, ndipo kachizindikiro ka mphezi kanaoneka pa batire. Pakhondepo panamveka "Eee!" wa anthu onse pamodzi. Agogo ena aamuna anawerama, n'kunyamula foni ya pamwambayo kuti aone ngati pansi pabisidwa waya. Kutchaja kunaima. Ataibwezera, kunayambanso. Anatero kangapo, kenaka anaimirira n'kugwira pakamwa.

Anthu amene anapirira n'kukhalabe pomwepo anaonanso zina zimene timavidiyo tija sitionetsa. Moto unkakwera pang'onopang'ono kwambiri pa foni ya aphunzitsi, pamene pa ya mnyamata wa kabaza unkatsika mofulumirirapo. Mafoni onse awiri anafunda moti ukawagwira unkamva. Ndipo batire la Galaxy litatsika kufika pa 30 peresenti, foniyo inasiya yokha kugawa, chifukwa inapangidwa kuti izisungirako mwini wake. Aphunzitsi anatenga foni yawo ili ndi moto wokwana kuimba mafoni angapo, n'kuthokoza. Mayi a tomato aja anatsala ndi yawo ili chizimire.

"Nanga yangayi yalakwa chiyani, mwana wanga?" anafunsa.

Funso limeneli ndi limene linasamutsira gulu lonse ku kabenchi ka mmisiri wokonza mafoni, bambo wa zaka za m'ma 30 amene anaphunzira ntchitoyi pothandiza mmisiri wina ku Limbe. Kumeneko kunali kale mnyamata wina wophunzira pa koleji ku Blantyre, amene anabwera kumudzi pa holide. Awiriwa akhala akukangana za nkhaniyi kuyambira pamene timavidiyoti tinafika, ndipo aliyense ali ndi omutsatira.

Wophunzirayo amanena kuti chipangizocho chilimo m'mafoni ambiri, koma makampani amachitseka ndi pulogalamu kuti anthu azikakamizika kugula mafoni odula. Amati iyi ndi njira yakale ya amalonda: kupanga katundu mmodzi n'kumugulitsa mitengo iwiri. Ndipo ali ndi umboni umene amaubwereza nthawi zonse. Mu 2020, pamene iPhone 12 inkatuluka, zikalata zimene opanga ake anapereka kwa oyang'anira za mafunde a wailesi ku America zinasonyeza kuti foniyo ili ndi mphamvu yotchaja kachipangizo kena kudzera pamsana pake. Chaka chotsatira, mu 2021, kunatulukadi kabatire komata kumsana kwa foni ndi maginito, kamene iPhone imatha kukatchaja iyo ikakhala pa tchaja. Komabe palibe batani lililonse pa foniyo limene mwini wake angadine kuti agawire moto foni ya mnzake. Apa wophunzirayu sanama ngakhale pang'ono. Ilipodi foni imene zida zake zimatha kutumiza moto koma mwini wake sanapatsidwe ufulu woti azigwiritsa ntchito mmene akufunira. Ndipo aliyense amene anagulapo katundu n'kudzazindikira pambuyo pake kuti anam'bisira zina akhoza kumvetsa chifukwa chake achinyamata ambiri pa Ndunde ali kumbali yake.

Mmisiriyo salankhula zambiri. Tsikulo anakoka dirowa yodzaza ndi mafoni akufa, amene amachotsamo zida zokonzera ena. Anatulutsa Galaxy ina imene inagwera m'chitsime, n'kuitsegula kumbuyo. Pamwamba pa batire panali kachipepala kakuda kopyapyala. Anakasenda ndi kampeni, ndipo mkati munaoneka waya wa mkuwa wofiirira, wozunguliridwa mwaluso kambirimbiri mpaka kupanga chimbale chophwatalala cha masentimita 4 kapena 5 m'mimba mwake. Anapereka kwa agogo aja kuti agwire, ndipo chinayenda m'manja mwa anthu mpaka kufika kwa mayi a tomato. Kenaka anatulutsa itel yofanana ndendende ndi yawo, n'kuitsegula. Munali batire, kabolodi kakang'ono pamwamba, sipika pansi, ndi pulasitiki. Panalibe china.

"Achimwene, ndiuzeni, apa tifulasha chiyani? Pulogalamu siimeretsa waya," anatero akuloza pamalo opanda kanthupo.

Waya wozungulirayo amatchedwa koyilo, ndipo ndiye mwini nkhani yonseyi. Magetsi osinthasintha mbali akamadutsa mu koyilo, maulendo oposa 100,000 pa sekondi imodzi, amapanga mphamvu ya maginito yosinthasinthanso. Koyilo ina ikakhala pafupi kwambiri, mamilimita ochepa chabe, mphamvu ija imadzutsa magetsi mwa iyo, ndipo magetsiwo ndi amene amalowa m'batire. Akatswiri anazindikira zimenezi mu 1831 ku London, ndipo ndi nzeru yomweyi imene imagwira ntchito mu thiransifoma ya pamtengo. Choncho pamafunika makoyilo awiri, ina m'foni yogawa ndi ina m'foni yolandira. Foni ya mayi aja inalibe polandirira. Ikanagona pamsana pa Galaxy mpaka mawa lake, sikanamva kanthu. iPhone 8 ya aphunzitsi, imene inatuluka mu 2017, ili ndi koyilo yolandirira, ndipo imatsata muyezo wa Qi, umene unakhazikitsidwa mu 2010 kuti mafoni a makampani osiyana azitha kutchajidwa pa chipangizo chimodzi. N'chifukwa chake mafoni awiri a mitundu yosiyana anamvana.

Wophunzira uja sanagonje. Anati chabwino, za itel wavomera, koma nanga Galaxy S9? Imeneyi inatuluka mu 2018, ili ndi koyilo, imalandira moto popanda chingwe, koma siigawa. Patangotha chaka S10 inatuluka ikugawa. Ngati koyilo ilimo kale mu S9, chotsala n'chiyani kupatula loko ya pulogalamu? Anthu ena anaomba m'manja, chifukwa funsolo linamveka lokhoma.

Mmisiriyo anayankha ndi chitsulo chake chowotcherera, akuloza katchipi kakang'ono pa bolodi pamene mawaya a koyilo amathera. Anati koyilo ndi theka chabe la ntchito. Kuti foni ilandire, pamafunika tchipi chowongola magetsi osinthasintha aja kuti akhale oyenera batire. Kuti igawe, tchipicho chiyenera kugwira ntchito chobwerera: kutunga moto m'batire, kuukweza mphamvu, kuusandutsa wosinthasintha, n'kuukankhira mu koyilo. Chiyeneranso kumamvera foni inayo, chifukwa yolandira imatumiza uthenga wopempha kuti aonjezere kapena achepetse. Chiyenera kuzindikira ngati pakati pagwera ndalama yachitsulo kapena kiyi, popeza chitsulo chikakhala pakati pa makoyilo chimatentha mpaka kuwotcha. Chiyenera kuyang'anira kutentha kwa batire n'kudula moto zinthu zisanaipe. Tchipi chimene chinapangidwira kulandira kokha sichingachite zonsezi, ngakhale foni itafulashidwa kakhumi.

Panabukanso kamkangano kena pamene mnyamata wina anatsegula foni yake ya mtengo wapakati n'kupeza kawaya kozungulira kumsana. Anakuwa kuti nayi koyilo, anatibisira. Koma kameneko kanali ka NFC, kamene ntchito yake ndi kutumiza uthenga waufupi, monga polipira pongogunditsa foni pa makina a m'sitolo. N'kopyapyala, kozungulira maulendo ochepa, ndipo sikanapangidwire kudzaza batire la foni. Anthu ambiri amene amalumbira kuti anaona koyilo m'foni yawo, anaona kameneka.

Mbiri ya luso limeneli ndi yaifupi. Foni yoyamba yodziwika bwino kubwera nalo inali Mate 20 Pro ya ku China, mu Okutobala 2018. Galaxy S10 inatsatira mu Febuluwale 2019, ndipo Pixel 5 inabwera nalo mu 2020 pa dzina loti Battery Share. Kwa zaka zingapo linali la mafoni a pamwamba okhaokha. Mafoni a Galaxy a mtundu wa A, amene ndi ofala kwambiri kuno kuposa a mtundu wa S, ambiri alibe ngakhale koyilo yolandirira. Pambuyo pake mafoni ngati Infinix Note 40 Pro ya mu 2024, a mtengo wofikirika pang'ono, anabwera akutha kulandira ndi kugawa popanda chingwe. Ndipo pali chinthu china chimene chimalimbitsa mbali ya mmisiri uja: mu 2025 Pixel 10 inatuluka ilibe luso logawa limene akuluakulu ake anali nalo, chifukwa kumsana kwake anaikako maginito ogwirira tchaja ya muyezo watsopano wa Qi2, ndipo opanga ake anafotokoza kuti maginitowo sagwirizana ndi kugawa moto. Luso linachoka chifukwa zida za mkati zinasintha.

Ndiye wolondola ndani? Mtolankhani amene waona mafoni awiri aja atatsegulidwa pabenchi sangaime pakatikati. Wophunzira akunena zoona pa mafoni owerengeka odula, amene pa Ndunde ungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi, ndipo ngakhale amenewo palibe mmisiri wa pamsika amene angawatsegule. Pa mafoni amene ali m'matumba a anthu ambiri kuno, mmisiri ndiye akulondola. Chipangizocho mulibemo. Ndipo opanga sanachisiye chifukwa cha nkhanza. Koyilo, tchipi chake ndi zotetezera kutentha zimakweza mtengo, pamene wogula wa kuno amayamba wafunsa za kukula kwa batire, malo a masimu awiri ndi mtengo. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengowo ndiwo umalamula koposa.

Mkanganowu ukanangokhala wa pabawo ukanakhala wokoma. Koma chikhulupiriro chakuti chilimo, anangotseka, chayamba kudya ndalama za anthu. Mmisiri uja akuti sabata sipita osalandira munthu wopempha kuti amutsegulire. Iye amakana, koma si onse amene amakana. Bambo wina wa m'mudzi wapafupi anapita ndi foni yake m'tauni, analipira munthu amene anamulonjeza kuti aitsegula, ndipo anabwera nayo itafufutidwa zonse: manambala a abale, zithunzi za ukwati wa mwana wake, ndi mauthenga a ndalama za banki mkhonde amene ankasunga ngati umboni. Foniyo sinagawe moto ngakhale tsiku limodzi. Achinyamata ena amatha bandulo kutsitsa timapulogalamu tolonjeza kusandutsa foni iliyonse kukhala yogawa. Timapulogalamuti timangoonetsa chithunzi cha mphezi ikuthwanima pasikirini, kwinaku tikubweretsa zotsatsa malonda zimene zikudya data ndi moto womwewo umene munthu akufuna kusunga. Tina timapempha chilolezo choona manambala ndi mauthenga, chinthu choopsa pa foni imene imasunga ndalama.

Palinso timapepala tolandirira timene timagulitsidwa padera, tomata kumsana kwa foni n'kulowetsa kamchira kake pobayira tchaja. Timeneti si tachinyengo. Timathandizadi foni yopanda koyilo kuti ilandire. Koma sitingaipangitse kugawa, ndipo wogulitsa amene anganene kuti timatero akunama. Chimodzimodzi mafoni a kaunjika: ena anakonzedwapo kumene achokera ndipo wokonzayo anang'amba koyilo posintha batire osaibwezera, moti batani logawira limaoneka pasikirini koma moto sutuluka. Ena ndi ongofanizira, dzina lapamwamba kunja koma mkati zida zotchipa. Amene akugula foni chifukwa cha luso limeneli asakhutire ndi zolemba za pabokosi kapena mawu a wogulitsa. Aiyese pomwepo ndi foni ina yodziwika kuti imalandira, ndalama isanachoke m'manja.

Ngakhale kwa amene ali nalo, lusoli ndi laling'ono kuposa mmene timavidiyo timalionetsera. Galaxy S10 imagawa mphamvu yosapitirira mawati 4.5, pamene tchaja wamba ya pakhoma imapereka mawati 10, ndipo zamakono zimafika 18, 33 kapena kuposa. Batire la S10 ndi la 3,400 mAh likakhala latsopano, ndipo la foni imene yagwira ntchito zaka zambiri limakhala litafooka. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi mabatire a 5,000 mAh. Kudzaza batire lotere pa mawati 4.5 kungatenge maola oposa 4 ngakhale popanda kutaya kalikonse, ndipo yogawayo ikanatha kalekale. Komanso kutayako kulipo ndithu: kufunda kumene anthu anamva pa mafoni awiri aja unali moto umene unachoka m'batire limodzi koma sunafike m'linzake. Makoyilo akapanda kuyang'anizana bwino, kapena kava ikakhala yokhuthala, wotayikawo umachuluka. Kutentha nako kumakalambitsa batire msanga. Opanga analingalira za munthu amene akufuna kutchaja wotchi yamakono kapena timahedifoni ta m'makutu, tinthu ta mabatire ang'onoang'ono. Kale moto ukazima pakhomo, mayi ankatenga phale n'kukapala makala awiri atatu kwa mnansi. Sankaphikira nsima pa phalelo, ankangofuna poyambira. Kugawana moto kwa mafoni n'kotero: kumakwana kuimba foni imodzi yofunika kapena kutsimikiza kuti ndalama yalowa, koma sikungalowe m'malo mwa sola, pawabanki kapena magetsi.

Pamene amuna ankakwezerana mawu za matchipi, mayi a tomato aja anali chikhalire pa kabenchi, foni ili pamiyendo. Mmisiriyo atawaona anasiya mkangano.

"Pepani mayi, takuiwalani. Tabweretsani."

Anatenga foni yakeyake, Tecno ya batire lalikulu yopanda koyilo iliyonse, n'kubayapo kachidutswa kakang'ono kotchedwa OTG, kamene ambiri amakadziwa polumikiza fulashi ku foni. Pa kachidutswako analumikiza chingwe wamba cha tchaja, mbali inayo n'kubaya pa itel ya mayiwo. Pasanathe mphindi zambiri chizindikiro cha batire chinaoneka, ndipo kenaka foni inayaka. Mauthenga analowa motsatizana, osonyeza kuti wina wakhala akuimba. Mayiwo anaimba ali chiimire, chingwe chikulendewera pakati pa mafoni awiri, mmisiri atagwirizira yake m'mwamba kuti chisazuke. Atamva zimene anamva anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi mpango, kenaka anaimirira n'kululutira. Kunali kutabadwa mwana wamkazi m'mawa womwewo, ndipo onse anali bwino. Mnyamata wa kabaza anathamangira kukaliza njinga, ndipo tomato anasiyidwa m'manja mwa mayi wa benchi loyandikana nalo.

Njira ya chingweyi ndi imene ili pafupi ndi anthu ambiri, koma ndi imene sikambidwa. Mafoni ochuluka a mabatire akuluakulu amatha kutulutsa moto pobayira tchaja, ngakhale si onse, ndipo ena amafuna kuti munthu ayambe watsegula OTG m'masetingi. Pa mafoni awiri onse a pobayira pa USB-C, nthawi zambiri chingwe chimodzi cha mitu iwiri yofanana chimakwana. Ngakhale iPhone, imene wophunzira uja amaidandaula, kuyambira pa iPhone 15 ya mu 2023 imagawa moto kudzera pa chingwe. Moto woyenda m'waya sutayika wambiri ngati wodumpha pakati pa makoyilo, ndipo sufuna kuti mafoni agone osagwedezeka. Munthu akhoza kumalankhula uku akutchaja, monga anachitira mayi aja. Kachidutswa ka OTG kamapezeka pa mabenchi ambiri ogulitsa zida za mafoni, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi foni ya koyilo. Koma sikachititsa chidwi pa vidiyo, choncho achinyamata sakatumizirana.

Wophunzira uja anaonerera zonsezi mwakachetechete, koma sanasinthe maganizo ake onse. Akunenabe kuti munthu amene wagula foni ndi ndalama zake ayenera kuuzidwa zonse zimene zili mkati mwake ndi kuloledwa kuzigwiritsa ntchito. Pa mfundo imeneyi mmisiri sakutsutsa. Chimene akukana n'chakuti anthu osauka azilipira potsegula chitseko chimene palibe. Awiriwa amakhalabe limodzi madzulo, ndipo chimbale cha mkuwa chija mmisiri anachikhomera pa thabwa la benchi lake kuti aliyense wobwera ndi pempho loti amutsegulire ayambe wachiona.

Chodziwika n'chakuti pa Ndunde moto wa foni ukuyenda m'njira zambiri zimene opanga mafoni sanaziganizire. Azimayi ambiri achikulire, ngakhale ali ndi foni ya tachi, sanataye kafoni ka mabatani kamene kamakhala masiku angapo osatchaja, ndipo nyengo ya mitambo ikafika amangosamutsira simu m'menemo. Mawailesi ndi matochi a sola amene akugulitsidwa pamsika masiku ano ambiri ali ndi pobayira chingwe cha foni. Anyamata a kabaza nawo ayamba kumangirira kasoketi ka USB pa handulo, kolumikizidwa ku batire la njinga, moti wokwera amatha kupempha kuti foni yake izitchaja ali pa ulendo wopita ku boma kapena ku Limbe. Mnyamata wa Galaxy uja nayenso anamangitsa kake, ndipo okwera ambiri amene amamupempha moto masiku ano amawabayira pa njinga, osati pamsana pa foni.